Chikopa chikugwira mfuti: alipo wa Cowboy Fast Draw muno?

KauboyiWaNtcheu
Abale, safunsa anadya phula, ndiye ndifunse ngakhale ndikudziwa kuti ena mundiseka. Ndili ku Texas kuno. Mnzanga wina wa kuntchito, bambo wachikulire ndithu, ananditenga Loweruka lina kukaona masewero awo otchedwa Cowboy Fast Draw, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakodwa. Kwa amene simukuwadziwa, mumaima pamzere, aliyense revolver yake (mfuti yaing'ono ija ya makauboyi) m'chiuno, kutsogolo kwanu kuli chimbale chachitsulo chokhala ndi kagetsi pakati. Kagetsiko kakangoti ng'ani, umasolola mfuti n'kuwombera chimbalecho, makina n'kulemba nthawi yako. Zipolopolo zake ndi za phula, osati zenizeni.

Vuto langa ndi holster, kachikwama kachikopa koikamo mfuti. Kuno n'zodula, ndiye nditapita kumudzi mu Ogasiti ndinajambula mfutiyo pakatoni n'kupatsa wosoka nsapato wina amene ndimam'dalira. Anasoka mokongola, mpaka anaikako timaluwa m'mphepete. Koma ndikamasolola, chikopa chimakakamira pa cylinder, kamgolo kozungulira kolowamo zipolopolo, ngati chikuti tipitire limodzi. Pobwezera ndiye kukamwa kwake kumakhala kutafwafwanyika, ndimachita kutsekula ndi dzanja linali. Ndi holster yobwereka ndimawombera pa 0.6 sekondi, ndi yangayi 0.9. Kodi pali njira youmitsira chikopa chotere, kapena ndingotaya?

Lachiwiri si funso kwenikweni. Mayi a kunyumba akuti ndakula nazo zibwana.

Mkanjo77
Mayiwo akunena zoona. Nkhani yatha, tsekani.

NyauYaKuJoni
Kkkkk munthu anapita ku America kukasaka ndalama, lero akuvala chipewa chachikulu n'kumawombera makandulo. Amalume, kumudzi akudikira feteleza.

KauboyiWaNtcheu
Feteleza ndinatumiza kale mu Okutobala aise. Yankhani za chikopa.

WosokaPakhonde
Achimwene, ine za mfuti sindizidziwa, koma chikopa ndakhala nacho zaka zambiri. Mnzangayo sanalakwe kusoka, analakwa kusankha chikopa, ndipo mwina sanachite kusankha n'komwe, anangotenga chimene chinalipo. Ambirife timagwiritsa ntchito zikopa za nsapato, za zikwama kapena za majekete a kaunjika. Zimenezo zinafufutidwa ndi mankhwala a chrome, n'cholinga choti zikhale zofewa komanso zisaume zikanyowa. Ndiye inu mukufuna chiume, pamene icho anachipanga kuti chisaume.

Chitani izi. Dulani kachidutswa kakang'ono pamalo obisika, muyang'ane pakati pa chikopacho. Mukaona mtundu wotuwa wopita kobiriwira ngati phulusa, n'cha chrome. Mukaona wofiirira ngati tiyi wothira mkaka, ndiye kuti chinafufutidwa ndi makungwa a mitengo, ndipo chimenecho chimamva. Mumachinyowetsa, n'kukulunga mfutiyo m'pulasitiki kuti isachite dzimbiri, n'kuilowetsa, kenako kumakanikiza ndi zala kapena chigwiriro cha supuni mpaka chikopa chitatenga maonekedwe ake. Muchiyanike pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, chingang'aluke. Chikauma chimagogoda ngati thabwa.

Ndipo musachipake mafuta ambiri. Anthu amaganiza kuti chikopa chilichonse chimafuna mafuta. Mafuta amafewetsa, inu simukufuna zofewa.

PhulaNdiUtsi
Sindimayembekezera kuti ndingapeze nkhani imeneyi pa gulu lathu lino! Ine ndili ku Arizona, chaka chachitatu tsopano ndikuwombera. Zimene anena a WosokaPakhonde ndi zoona zokhazokha. Ndiwonjezere ziwiri. Ma holster a mpikisano ambiri amakhala zikopa ziwiri zomatidwa pamodzi n'kusokedwa, mbali yosalala ili m'kati, n'chifukwa chake mfuti imatuluka ngati yapakidwa sopo. Chinanso, musamasiye mfuti ikugona m'chikopa mukabwera kunyumba. Chikopa chimasunga chinyezi, ndipo cha chrome chimatha kudya utoto wa mfuti.

Koma chimene chandidetsa nkhawa si 0.9 yanuyo. Ndi apo mwati mumatsekula holster ndi dzanja lina pobwezera. Ndiye kuti zala zanu zimadutsa kutsogolo kwa mpope wa mfuti. Kukalabu kwathu akanakuimitsani pompo. Holster imeneyo musaigwiritsenso ntchito ngakhale kamodzi, kaya iuma kaya siuma.

KauboyiWaNtcheu
Zikomo achimwene. Kunena zoona woyang'anira mzere anandidzudzula kale za dzanjalo, n'chifukwa chake ndabwera kuno.

PhulaNdiUtsi
Ndine chemwali wanu, osati achimwene. Azimayi tilipo ambiri m'masewerowa, tili ndi gawo lathu, ndipo pali agogo ena aakazi amene angakuchititseni manyazi.

NyauYaKuJoni
Ndiye amuna anu amakuyankhani mokweza kunyumbako achemwali?

PhulaNdiUtsi
Ndi iwowo amandinyamulira bokosi la phula.

MlongoWaTsangano
Ine ndiyankhule mosaseka. Ndinakulira m'malire, kumene msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu uli ngati chingwe cholekanitsa Malawi ndi Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya kutsidyako ndinali mwana. Anthu ankabwera usiku atasenza mitolo, ena atabereka ana odwala, ena mabala akuchucha. Kulira kwa mfuti tinkakumva tili m'nyumba, amayi n'kutiuza kuti tigone pansi. Nkhondo inatha 1992 koma mfuti sizinathe, zinalowa m'manja mwa mbava, ndipo sitolo ya amalume anga inathyoledwa ndi anthu onyamula AK-47. Ndiye ndikamva Mmalawi mnzanga akuti mfuti ndi masewero, thupi langa limachita tsembwe. Sindikuti ndinu oipa achimwene. Koma chinthu chimene anachipanga kuti chiphe munthu, mungachisandutse bwanji chidole? Ndipo chimene mukuphunziracho, kusolola msanga kuposa mnzako, tanthauzo lake n'chiyani ngati si kupha iye asanakuphe?

Mkanjo77
Apa ndiye mwalasa.

KauboyiWaNtcheu
Achemwali, ndakumvani, ndipo sindikutsutsani. Inenso ndine wa chigawo chomwecho, othawa nkhondo ndinaphunzira nawo kalasi imodzi. Tsiku loyamba ndinkanjenjemera poigwira. Chimene ndinganene n'chakuti pamalo pathupo chipolopolo chenicheni sichiloledwa n'komwe kufika, ngakhale m'thumba. Ndipo sitiyang'anizana, tonse timayang'ana kutsogolo kumene kuli zitsulo. Koma kuti mfutiyo ndi yeniyeni, ndi yeniyenidi. Sindinganame.

AphunzitsiOpuma
Ndiloleni ndiikepo mbiri pang'ono, chifukwa funso la a MlongoWaTsangano lili ndi yankho lodabwitsa. Zimene akuchita a KauboyiWaNtcheu si za nkhondo, komanso si za makauboyi enieni. Ndi za m'kanema.

Zija tinkaonera m'mavidiyo sho, amuna awiri ataima pakati pa msewu, dzuwa lili paliwombo, zala zikugwedera pafupi ndi chiuno, zinkachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Nkhani imodzi yodziwika bwino ndi ya Wild Bill Hickok ndi Davis Tutt, pa 21 Julayi 1865, m'tauni ya Springfield ku Missouri. Anakangana pa ngongole ya juga ndi wotchi. Anaima motalikirana, pafupifupi mamita 70, aliyense anawombera kamodzi. Tutt anaphonya, Hickok analasa. Taonani mtundawo: pamenepo chinapambana si liwiro la dzanja, koma kulunjika. Ina yotchuka ija ya ku O.K. Corral m'tauni ya Tombstone, pa 26 Okutobala 1881, inali chipwirikiti cha masekondi pafupifupi 30, anthu ali pafupipafupi, atatu n'kufa. Ndipo china chimene chinautsa mkanganowo ndi lamulo la tauniyo loletsa kuyenda ndi mfuti m'tauni. Inde, ku Tombstone komweko.

Kauboyi weniweni anali mbusa wa ng'ombe, wolipidwa pang'ono, wodzaza fumbi. Ambiri anali akuda ndiponso a ku Mexico, ngakhale kanema anawabisa. Holster yake inali yakuya, yokhala pamwamba m'chiuno, ntchito yake kuteteza mfuti ku fumbi ndi mvula komanso kuti isagwe ali pahatchi. Ija yolendewera pantchafu yomangidwa ndi kachingwe inatchuka ndi Hollywood. M'zaka za m'ma 1950 munthu wina dzina lake Arvo Ojala, amene ankaphunzitsa akatswiri a kanema kusolola mfuti, ankapanga ma holster oika chitsulo m'kati mwa chikopa kuti cylinder izitha kuzungulira mfuti isanatuluke. Masewero ampikisanowa anayambanso nthawi yomweyo. Dee Woolem, amene ankachita zisudzo za achifwamba olanda sitima pamalo a zisangalalo a Knott's Berry Farm ku California, ndiye anakonza makina oyezera nthawi, ndipo mpikisano woyamba unachitika kumeneko mu 1954.

Ndiye a Ntcheu, inu amene munaweta ng'ombe za agogo anu muli mwana, munali kale kauboyi weniweni kuposa mmene mulili lero ndi chipewacho.

NyauYaKuJoni
Kkkkk aphunzitsi mwamuvula chipewa munthu.

KauboyiWaNtcheu
Ndavomera. Zinali mbuzi koma, ng'ombe tinalibe.

MlongoWaTsangano
Zikomo aphunzitsi, ndaphunzirapo. Koma kwa ine zikungowonjezera. Ndiye kuti anthu akuluakulu akutengera bodza la m'kanema ndi mfuti zenizeni.

PhulaNdiUtsi
Pamenepo mukunena zoona, ndipo poyamba zinkavulazadi anthu. M'zaka zimene akunena aphunzitsizo, anyamata ambiri ankayeserera ndi zipolopolo zenizeni n'kumadziwombera okha pantchafu kapena paphazi, chifukwa chala chinkakhethemula mfuti isanatuluke m'chikopa. N'chifukwa chake mipikisano imagwiritsa ntchito phula kapena ma blank (zipolopolo za onga wokha zopanda mutu) okhaokha.

Ndifotokoze mmene zimakhalira kwathu, kuti amene akutsutsa adziwe chimene akutsutsa. Bungwe lathu ndi Cowboy Fast Draw Association, linayamba 2002, ndipo mpikisano wake waukulu wa pachaka umachitikira ku Fallon, Nevada. Mfuti ndi ya mtundu wakale wa single action, ya .45, yotengera Colt ija ya 1873. Ambiri amagwiritsa ntchito Ruger Vaquero kapena zopangidwa ku Italy za Uberti ndi Pietta. Single action kutanthauza kuti siingalire pokhapokha utayamba wakoka hammer, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo, ndi chala chachikulu. Chipolopolo chake ndi kachitsulo kopanda onga, kutsogolo umakanikizako kaphula ndi chala, kumbuyo umaikako primer ya shotgun, kabatani kamene kamaphulika kakamenyedwa. Primer yokhayo ndi imene imakankha phula. Chimbale chimakhala pa mafiti 15 kapena 21, ndipo amachipaka girisi woyera kuti phula likamenya pazioneka pamene lamenya. Holster iyenera kukhala ya kalembedwe ka m'ma 1800, yopanda chitsulo cha Ojala chija m'kati. Ambiri timaika kachitsulo kopindika kunsi kwake, kuti mfuti ikalira mwangozi phula lipatuke lisamenye mwendo. Aliyense amakhalanso ndi dzina la masewero, ngati mmene tilili pa gulu pano.

Kuli bungwe lina lakale, World Fast Draw Association, kumene amawomberanso mabaluni ndi ma blank, ndipo ena amamenya hammer ndi chikhatho cha dzanja lina, zija amati fanning. Kumeneko ndiye kuli ma holster achitsulo. Ine sindinayeseko.

Koma phulalo musalipeputse. Limatuluka ndi liwiro loti likhoza kuboola khungu, diso ndiye osanena. Magalasi ndi lamulo.

NamwinoWaLeeds
Pa diso pomwepo ndi pamene ndimafuna kulowerera. Ndiwonjezere makutu ndi mapapo. Primer ikaphulika imatulutsa utsi wokhala ndi mtovu, ndiye amene mumayeserera m'galaja chitseko chili chotseka mukudzipweteka pang'onopang'ono, ndipo ana ndi amene mtovu umawawononga kwambiri. Sambani m'manja musanagwire nsima. Zotseka m'makutu valani ngakhale phokoso likuoneka lochepa.

Kuno ku UK nkhaniyi siingayambe n'komwe. Munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, chaka chotsatira boma linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zing'onozing'ono zotere. Ineyo ndili mbali ya a MlongoWaTsangano, ndinene poyera. Mantha anga si Loweruka kukalabu, kumene kuli woyang'anira ndi malamulo. Mantha anga ndi Lachiwiri usiku kunyumba, pamene mfuti ili m'kabati, mwana akufufuza, kapena bambo ndi mayi ayambana.

MayiWaAwiri
Ndi zimenezo! A Kauboyi, mayi akunyumba akamati zibwana, mwina akungosowa ponenera. Mwawafunsa bwinobwino chimene akuopa? Muli ndi ana m'nyumbamo?

KauboyiWaNtcheu
Awiri, wamkulu ali ndi zaka 9. Pakadali pano mfuti imakhala kwa mnzanga uja, m'sefa yake. Kunyumba ndimabwera ndi lamba yekha.

MayiWaAwiri
Ndiye ikhale komweko.

ChipolopoloChipata
Ine ndaona mutu wa nkhani ndimaganiza mukukamba za timu yathu. Anzathu a ku Malawi, zipolopolo zisiyeni kwa ife a ku Zambia, inu zanu ndi malawi a moto wa mapesi.

Mkanjo77
Mwayambapo. Chikho chimodzi cha 2012 chomwecho mpaka lero tisapume?

ChipolopoloChipata
Chimodzicho inu muli nacho?

NyauYaKuJoni
Zipolopolo zanuzo masiku ano n'za phula, zikungosungunuka.

GogoWaGulu
Ana inu, za mpira zili ndi malo ake. Bwererani ku chikopa.

AphunzitsiOpuma
Pobwerera, ndifunse za chiyankhulo. Bwanji tonse tikungoti holster, holster? Mawu tili nawo: chimake. Lupanga limabwezedwa m'chimake, mpeni m'chimake. Mfuti ingalephere bwanji?

WosokaPakhonde
Kasitomala akabwera n'kuti ndisokereni chimake, ine ndisoka cha mpeni. Akati kachikwama ka mfuti ndimva.

NyauYaKuJoni
Kuno Azulu revolver amaitcha ivolovolo. Ife tinagona pati osapanga lathu? Ndipo a WosokaPakhonde, makungwa mukunenawo kuno ndi bizinesi yaikulu, ku KwaZulu-Natal kuli minda ya mitengo ya wattle imene makungwa ake amafufutira zikopa. Chikopa chotero chimapezeka m'masitolo a zishalo za mahatchi. Ndikamabwera pa Khirisimasi ndikhoza kukutengerani.

WosokaPakhonde
Mukatero mwandithandiza. Chokhuthala bwino, cha mamilimita atatu kapena anayi.

WophunziraOhio
Ine zandisangalatsa. Ndili pasukulu kuno, ndingayambe bwanji? Mfuti yotere imagulidwa kuti?

ZaMalamulo
Mng'ono wanga, ima kaye. Ngati uli pa viza ya sukulu, lamulo la boma la America limaletsa anthu a maviza osakhazikika kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo linatchula, monga kukhala ndi chiphaso chosakira nyama. Amene ali ndi green card nkhani yawo ndi ina, amaloledwa kugula akapimidwa mbiri yawo. Kuwonjezera apo state iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo masukulu ambiri salola mfuti pamalo pawo. Usanamizidwe kuti poti ndi phula ndiye palibe mlandu. Phula ndi phula, koma chimene chikuliponyacho ndi mfuti pamaso pa lamulo. Kulakwitsa pamenepa ukhoza kutaya sukulu ndi viza tsiku limodzi. Funsa loya wa za olowa m'dziko usanagwire chilichonse, osati anzako a pa gulu, ngakhale ineyo.

WophunziraOhio
Basi ndizingoonera pa YouTube.

Mkanjo77
Werenga mabuku iwe, makolo anagulitsa ng'ombe.

BwanaWaArea25
Nanga kuno kumudzi sitingayambitse kalabu yotere? Malo alipo ambiri.

ZaMalamulo
Ku Malawi mfuti iliyonse imafuna chiphaso cha kupolisi, ndipo kupezeka nayo popanda chiphaso ndi mlandu wa kundende. Ndiye muganize kukaima pa kauntala n'kunena kuti bwana, ndikufuna revolver yoti ndizisewera ukauboyi Loweruka.

NyauYaKuJoni
Yambitsani ya legeni. Legeni m'thumba lakumbuyo, mwala m'dzanja, chitini pa chitsa. Wina aziimba likhweru. Ine ndili mwana ndinkagwetsa njiwa isanatambasule mapiko.

GogoWaGulu
Ife tinkapanga mfuti za nsungwi, zipolopolo zake timbewu ta m'tchire. Tikachoka koonera kanema aliyense ankafuna kukhala ekita, chifukwa ekita safa. Wokhala chigawenga ankachita kumukakamiza, kawirikawiri wamng'ono pagulu. Agogo anga anali ndi gogodela yawo yosakira nguluwe, yothira onga kukamwa n'kusinja ndi kachitsulo. Imeneyo fast draw yake inkatenga mphindi ziwiri, nguluwe itafika kale kutsidya la dambo.

KauboyiWaNtcheu
Agogo mwandikumbutsa kutali. Koma a PhulaNdiUtsi, tiyerekeze ndapeza holster yabwino. Ndichite chiyani kuti nditsike pa 0.6? Akatswiri akukalabu kwathu akuwombera 0.4, ena kutsika apo.

PhulaNdiUtsi
Funso loyamba: pa kuwombera 10, mumamenya kangati?

KauboyiWaNtcheu
Katatu. Tsiku labwino kanayi.

PhulaNdiUtsi
Ndiye vuto lanu si liwiro achimwene. Makina salemba nthawi ya munthu amene waphonya. Mnzanu akawombera 0.4 n'kuphonya, inu 0.7 n'kumenya, mfundo ndi yanu. Ine mpikisano wanga woyamba ndinatulutsidwa ndi bambo wina wa zaka za m'ma 70 amene ankasolola ngati akutulutsa chikwama cha ndalama m'tchalitchi. Ine phaa, phaa, phaa, zonse m'mbali. Iwo katatu konse pakati. Anandigwira chanza n'kupita kukamwa khofi.

Ganizirani masamu ake. Kuchokera pamene getsi layaka kufika pamene dzanja layamba kusuntha, munthu wamba amatha pafupifupi 0.2 sekondi, ndipo pamenepo simungadulepo zambiri, ndi mmene ubongo unapangidwira. Ndiye amene akuwombera 0.35 watsala ndi kanthawi kochepa zedi koti akoke hammer, asolole, alunjike ndi kukhethemula. Sachita zimenezo chifukwa chothamangitsa dzanja. Anachotsa kusuntha kulikonse kosafunika. Phewa silikwera, chigongono chimangobwerera m'mbuyo, mfuti imangotuluka pang'ono n'kuwongoka pompo pachiuno. Oyamba kumene amaikweza mpaka pachifuwa, ena amaponya thupi lonse kutsogolo ngati akuponya mkondo.

Chimene chinandithandiza ine ndi ichi. Mfuti yopanda kanthu, nditaiyang'ana kawiri, m'chipinda mopanda chipolopolo cha mtundu uliwonse, ndaikamo ma snap cap, zipolopolo zabodza zoteteza pini ya mfuti. Ndimaima pagalasi n'kumasolola pang'onopang'ono ngati ndili m'madzi, ka 50 patsiku. Chala cholozera sichikhudza trigger (chokhethemulira) mpaka mpope utayang'ana kutsogolo. Phazi liziponda pamalo amodzimodzi, lamba pa bowo lomwelo, holster pamalo omwewo pantchafu. Lamba akangosuntha pang'ono, phula lipita kwina. N'chifukwa chake lamba nayenso ayenera kukhala wolimba, osati wa thalauza la ku ofesi. Miyezi iwiri yoyamba nthawi yanga inakwera m'malo motsika, ndinkafuna kusiya. Mwezi wachitatu ndinayamba kumenya 7 pa 10, kenako nthawi inayamba kutsika yokha.

Chinanso, musamayese kulosera getsi. Limayaka pa nthawi yosinthasintha dala, ndipo mukasuntha lisanayake mwalakwa.

AphunzitsiOpuma
Kuthamanga si kufika. Hickok uja akanavomereza.

Mkanjo77
Ka 50 patsiku pagalasi? Mayi aja akakupezani mukudziloza nokha pagalasi ndiye aitanitsa abusa.

KauboyiWaNtcheu
Poti mfuti sibwera kunyumba, ndizikachitira kwa mnzangayo ndikaweruka. Galaja yake ili ndi galasi lalikulu, ndaona tsopano ntchito yake.

MlongoWaTsangano
Ine maganizo anga sanasinthe, ndipo sindikufuna kunamizira kuti asintha. Koma ndamva kuti simukuisunga kunyumba, ndipo pamenepo mtima wanga watsikako. Pempho langa ndi limodzi: mukabwera kumudzi musadzaonetse ana mavidiyo amenewo ngati chinthu chonyadira. Iwo sadzaona phula, adzaona mfuti.

KauboyiWaNtcheu
Pempho limenelo ndalilandira achemwali.

Ndabwera ndi lipoti. Usiku ndinadula kachidutswa kuseri kwa lupu ya lamba monga ananenera a WosokaPakhonde. Pakati pake potuwa ngati phulusa la mbaula. Ndinayesabe kunyowetsa kachidutswako n'kukasiya usiku wonse, m'mawa kali lende ngati lilime la nsapato. Ndiye basi, yapita. Mnzanga uja wandilonjeza kundigulitsa yake yakale pamtengo wachibale, ya zikopa ziwiri, ili ndi kachitsulo kunsi komwe.

Ndinakhalanso pansi ndi mayi a kunyumba monga munanenera a MayiWaAwiri. Nkhani sinali ya zibwana ayi. Mchimwene wawo anaphedwa ndi achifwamba ku Joni zaka zapitazo, ine ndimadziwa, koma sindinalumikize. Tagwirizana kuti mfuti sidzalowa m'nyumba mwathu, ndipo Loweruka limodzi pamwezi ndi la banja, kalabu iziona yokha.

Holster ya timaluwa ija aitenga iwo. Aikhomera pakhoma kukhitchini, muli mthiko ndi chipande.

WosokaPakhonde
Mthiko ukutuluka bwino, kapena nawonso ukukakamira?

KauboyiWaNtcheu
Umenewo ukutuluka pa 0.3, makamaka ndikachedwa kubwera.

NyauYaKuJoni
A WosokaPakhonde, nditumizireni ku inbox kukula kwa chikopa chija. Ndinyamuka pa 18 Disembala, basi ya m'mawa.